Apongozi Anga Sanandilankhulepo

Zaka zinayi ndinakhala pachikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Mualadzi. Nyumba yanga ndi ya apongozi anga zinali zoyang'anizana, pakati pali nkhokwe ndi mtengo wa mango basi. Pa zaka zonsezo mayi amenewo sanandiuzepo mawu ngakhale amodzi. Sikuti anali osalankhula. Pakamwa anali napo, ndipo akamakalipira mbuzi mawu awo ankamveka mpaka kudambo. Koma ine ndinali mkamwini, ndipo kumeneko mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sayang'anana m'maso, sakhala pamphasa imodzi, salankhulana.

Ine zimenezi sindinkazidziwa. Makolo anga anali Achewa, ndipo pakhomo tinkalankhula Chichewa, koma ndinakulira mumzinda wa Tete kumene bambo ankagwira ntchito yaulonda. Kumeneko ukakumana ndi munthu wamkulu umamuyang'ana kumaso n'kumupatsa moni momveka bwino, kuti aone kuti unaleredwa. Nditamaliza maphunziro auphunzitsi ananditumiza kumudzi kuja, nkhondo itangotha kumene, anthu akubwerera kuchokera ku Zambia ndi ku Malawi n'kumamanganso pamabwinja awo. Ndinafika ndi nsapato zonyezimira komanso mtima wodzimva kuti ndabwera kudzatsegula anthu m'maso. Chaka chisanathe ndinali nditakwatira mtsikana wa m'mudzi momwemo.

Mkazi wangayo anali mwana yekhayo amene anawatsalira apongozi. Pothawa nkhondo anapita ku Zambia ali asanu, pobwera anabwera awiri. Amuna awo ndi ana awo aamuna awiri anatsala m'manda akuchilendo. Zaukwati wathu anayendetsa ndi mlongo wawo wa apongoziwo, amalume a mkazi wanga, munthu wamtali wokonda kuseka. Patsiku laukwati apongozi sindinawaone bwinobwino, koma ndinangoti ndi kutanganidwa.

Sabata yachiwiri ya banja lathu, masana ena ndikuchokera kophunzitsa, ndinawaona akubwera kutsogolo kwanga m'kanjira kodutsa pakati pa udzu, atasenza mtolo wa nkhuni. Ndinakonza malaya, ndinameza malovu, moni ndinali nditaukonza kale pamilomo. Iwo atangondiona anapatuka, kulowa m'tchire, kugwada, n'kundipatsa msana.

Mtima wanga unangoti myuu. Ndinati basi, njoka yawaluma mayi aja. Ndinaponya mabuku pansi n'kuwathamangira.

"Amayi! Mwatani amayi? Yakulumani pati?"

Anadzambatuka, nkhuni zonse mbwee, liwiro kulowera m'kati mwa tchire. Ine ndinaganiza kuti ululu wawasokoneza mutu, ndiye ndinawonjezera moto. Mayi wachikulire patsogolo, mphunzitsi wansapato zonyezimira pambuyo, tonse awiri kudutsa m'chitedze osadziwa. Tikanafika kutali pakanapanda amayi ena amene ankamweta udzu pachulu.

"Apulufesoli, imani!" anakuwa mmodzi wa iwo, poti ndi mmene ankaitanira mphunzitsi kumeneko. "Aa, inu! Mukupirikitsa apongozi anu?"

Madzulo a tsikulo tonse awiri tinali kudzikanda, iwo kuseri kwa nyumba yawo, ine kuseri kwa yanga, aliyense ndi phulusa lake. Mkazi wanga ankalira, kenako n'kuseka, kenako n'kuliranso.

"Inu, kodi munaleredwa ndi anthu?" anandifunsa. "Amayi akukupatsani ulemu, inu n'kumawathamangitsa ngati gwape. Mudzi wonse wamva."

"Ulemu wanji wothawa munthu?" ndinatero. "Ine ndine chilombo?"

"Ndinu mkamwini. Mukawaona, muzipatuka ndinu. Muzinyonyomala, muziomba m'manja pang'onopang'ono, maso kumbali. Zimenezi mpaka mwana wa shikola, wa kusukulu kwanu kuja, amazidziwa."

Ndinapsa mtima, sindinama. Ndinkaona ngati anthuwa akundisandutsa chidole. Komabe m'mawa mwake ndinanyamula nkhuku kupita nayo kwa amalume kukapepesa. Iwo anaseka mpaka misozi, kenako anandinyonyomalitsa pabwalo pawo kundiphunzitsa kaombedwe ka m'manja. Ndinkaomba ngati ndili pamsonkhano, iwo n'kumati, "Iyayi aphwanga, pindani zikhatho, zizimveka pansipansi. Simukuthamangitsa nkhwangwala."

Chaka choyamba chonse ndinkakhulupirira kuti apongozi amadana nane. Munthu ungaganize bwanji zina, ukamaona mnzako akutembenuka nthawi zonse ukatulukira? Zinkandiwawa kwambiri, chifukwa mayi anga ondibereka anali atamwalira, ndipo mumtimamu ndinkayembekeza kuti ndapeza ena. M'malo mwake ndinapeza msana. Msana umenewo ndinaudziwa bwino kuposa nkhope yawo: wopindika pang'ono, phewa lakumanzere lotsika, mpango wakuda womangidwa cham'mbali.

Chimene chinayamba kunditsegula makutu ndi chifuwa chawo. Ndinazindikira kuti asanazungulire nkhokwe kubwera mbali yathu ankatsokomola kaye. Poyamba ndinauza mkazi wanga kuti awatengere kuchipatala, iye n'kungondiyang'ana mondimvera chisoni. Sichinali chifuwa chamatenda. Akatsokomola kamodzi mofupikitsa, ndiye kuti akungodutsa, ine nditembenuke pang'ono basi. Akatsokomola kawiri mokoka, ndiye kuti akubwera kudzakhala pansi pa mango kutongola chimanga, ine ndikapeze kwina kochongera makope a ana. Inenso ndinapeza njira yanga. Pochokera kuntchito ndinkaliza belu la njinga ndisanalowe pabwalo, n'kuima kaye pang'ono kuti apeze mpata wolowa m'nyumba osathamanga.

Kenako ndinaphunzira kuwerenga tsache. M'mawa uliwonse ankasesa bwalo lawo n'kulekezera pamtengo wa mango, mbali yathu n'kusiyira mwana wawo. Koma masiku ena ndikadzuka ndinkapeza mizere ya tsache lawo itadutsa mtengo uja mpaka pakhomo panga penipeni. Kasesedwe kawo kanali kosasowa, kokhotakhota ngati mamba a nsomba. Ndikaona choncho ndinkadziwa kuti pali chimene ndachita bwino, kaya kufolera nkhokwe, kaya kubwera ndi mchere kuchokera ku Mualadzi. Tsiku lina ndinamukalipira mkazi wanga mokweza mawu chifukwa cha malaya opsa ndi simbi. M'mawa mwake ndinapeza zinyalala za bwalo lawo lonse zitaunjikidwa bwinobwino pamalire, kumbali yanga. Zinakhala pamenepo masiku atatu, ine ndikuzilambalala ndi manyazi, mpaka ndinaziwola ndekha.

Kumunda ndiye kumene anandichititsa manyazi osaiwalika. Mwana wa m'tauni, khasu ndinkaligwira ngati choko. Loweruka lina ndinapanga mizere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, manja matuza okhaokha, ndipo ndinachoka ndikudzitama. Nditabwerera Lolemba madzulo ndinapeza mizere itatu yoyambirira itagumulidwa n'kupangidwanso, yayitali, yowongoka, ndipo kumapeto kwake atazikako kamtengo kosonyeza msinkhu woyenera. Yotsalayo anaisiya mmene ndinaipangira, yokhota ngati njira ya woledzera, kuti ndiyerekeze ndekha. Akanandinyoza pakamwa ndikanapeza choyankha. Apa ndinangotenga khasu.

Chaka chachitatu mizere yanga inayamba kuoneka ya munthu. Tsiku lina nditafika kumapeto kwa ndime ndinapeza nkhaka ziwiri zosendasenda kale zili patsamba la nthochi, pamthunzi. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinangoona mpango wakuda uja ukusowera m'chimanga. Nkhaka zimenezo ndinazidya pang'onopang'ono.

Ndinadwalapo malungo aakulu nthawi ina, masiku anayi osatuluka. Apongozi sakanatha kulowa kudzandizonda. Koma tsiku lililonse, dzuwa likangokwera, ndinkamva kuseri kwa khoma, pafupi ndi pamene panali mutu wanga, kaphokoso ka mtedza ukuswedwa. Thwa, thwa, thwa, tsiku lonse. Kuseri kumeneko kunalibe mthunzi wabwino, ndipo mtedza akanatha kuswera pakhonde pawo. Ndikabuula kaphokoso kaja kankaima, ndikakhala chete kankayambiranso. Tsiku limene ndinadzuka n'kupempha phala, sanabwerenso kuseriko.

Masiku ano ndimakhala ku Chifunde, ndipo zinthu zinasintha. Mkamwini wanga amafika pamota, njinga yamoto ija, n'kuwagwira chanza apongozi ake, n'kuwakweza kumbuyo kupita nawo kumsika, akucheza njira yonse. Akakhala kutali amaimbirana foni. Sindinena kuti n'zoipa, ndipo palibe amene amadutsa m'chitedze chifukwa cha zimenezi. Koma nthawi zina ndikawamva akucheza ndimadzifunsa ngati mnyamatayo amadziwa mmene apongozi ake amakokera mpweya akakhumudwa. Ine apongozi anga ndinkawadziwa ngakhale ndi mgugu wa mapazi. Anamwalira kalekale, koma mpaka lero ndikamva munthu akutsokomola kuseri kwa nyumba ndimayamba kusuntha mpando.

M'chaka chachitatu chomwecho tinabereka mwana wamkazi. Kuyambira tsiku limene anatuluka m'chikuta, mwanayo anasamukira kumsana kwa agogo ake. Mayi wake ankangomuona poyamwitsa. Apongozi anasintha ngakhale kayendedwe, phewa lotsika lija linakwera. Ankaimba potongola chimanga, chinthu chimene mkazi wanga anati sanachimveponso chichokereni ku Zambia.

Mwanayo ali ndi chaka chimodzi, ndinalandira kalata yondisamutsira kusukulu ina ya kufupi ndi Nsadzo. Kunali kutali, kosatheka kupita ndi kubwera panjinga. Kukana kunalibe, ndipo ndinayenera kukafika sukulu isanatsegulidwe, mvula ili m'kati. Ndinkafuna kupita ndi mkazi wanga ndi mwana wanga. Koma mkamwini sangonyamula mkazi kuchoka naye pamudzi wa eni ake, amayamba wapempha. Ndinapita kwa amalume.

"Ife kuchimuna tavomera," anatero, tsiku limenelo osaseka. "Ntchito ndi ntchito. Koma mlongo wangayu watsala ndi mwana mmodzi yekhayu, ndi kamdzukulu kamene kamudzutsa. Ndamufunsa, wati apite. Pakamwa watero. Mtima wake sindinauone."

Mkazi wanga ananena zomwezo, koma mouma.

"Amayi akapanda kutimasula ndi mtima umodzi, ine sindichoka pano."

"Koma si avomera? Amalume akuti avomera."

"Inenso ndawafunsa, ati pitani. Koma ponena ankakanda pansi ndi kamtengo, osandiyang'ana. Kumeneko si kuvomera, bambo ake a mwana. Tikachoka iwo ali ndi chotupa mumtima, mwanayu sakakhala bwino. Mupite nokha, muzibwera shikola ikatsekera."

Ndinkawadziwa aphunzitsi anzanga amene anachita zoterozo. Chaka choyamba ankabwera, chachiwiri ankatumiza uthenga, chachitatu mwana ankaitana munthu wina kuti bambo. Sindinkafuna zimenezo. Ndinkamukonda mkazi wanga, ndipo ndikaganiza zoti mwana wanga ayambe kulankhula ine kulibe, chakudya sichinkalowa.

Panatsala masabata atatu, ndipo ndinayamba kuyang'anayang'ana yankho paliponse pamene ndinazolowera kulipeza. Panalibe. M'mawa tsache linkalekezera pamango ndendende, osadutsa, osaunjika kanthu. Kutsokomola kunatha, chifukwa apongozi ankalawirira kumunda ndi mwana kumsana n'kubwera dzuwa litapendeka, osayandikira mbali yathu. Kumunda sindinapezenso kanthu kumapeto kwa ndime, chabwino kapena choipa. Munthu amene ndinamuwerenga zaka zonsezi anangodzitseka.

Mkwiyo wanga wakale unabwerera. Ndinati zachibwana izi, ndine munthu wamkulu, bambo wa mwana, ndipita ndikawafunse pamaso ndi pamaso, aseke amene aseke. Masana ena ndinanyamukadi, iwo ali pakhonde pawo akumwetsa mwana phala. Ndinayenda mpaka pankhokwe. Pamenepo ndinaima. Palibe anandiletsa, koma ndinaona kuti ndikangotulukira kuseriko n'kutsegula pakamwa, ndiwavula ulemu wonse umene anandisungira zaka zinayi, ndipo adzayankha kuti pitani, mawu omwe aja opanda kanthu m'kati. Ndinabwerera n'kukakhala pansi, thukuta lili kamukamu.

Tsiku lonyamuka linafika. Mvula inali itagwa dzulo lake, ndipo ngolo imene inayenera kunditenga inkadikira kutsidya kwa mtsinje, chifukwa ng'ombe sizikanatsika gombe loterera. Ndinamangirira chikwama ndi thumba la ufa panjinga. Mkazi wanga anali atamanga mtolo wake, koma anausiya m'nyumba kuseri kwa chitseko, iye n'kukhala pakhonde manja ali m'masaya. Sitinkayang'anana.

Kenako chitseko cha apongozi chinatseguka. Anatuluka atabereka mwana, n'kudutsa bwalo osayang'ana kwathu, kulowa njira. Njira ya kumunda ndi ya kumtsinje inali imodzi mpaka pamkuyu wina, pamene inkagawikana. Ndinati basi, akupita naye kumunda kuti ndisamuone ponyamuka. Koma mkazi wanga anaimirira pang'onopang'ono.

"Sanatenge khasu," ananong'ona.

Tinaima tonse awiri kumapeto kwa bwalo, tikuyang'ana mpango wakuda ukutsika m'njira. Atafika pamkuyu anaima. Anamukweza mwana kumsana, anamanganso mfundo ya mbereko pachifuwa. Anaima nthawi yaitali ndithu, mwina ine ndi amene ndinkaona kutalika. Kenako analowa njira ya kumtsinje.

Mkazi wanga anathamangira m'nyumba kukatenga mtolo wake. Ine ndinkakankha njinga, ndikusiya mtunda pakati pa ine ndi iwo monga mwa nthawi zonse. Njira yonse ankamveka ndi mwana yekha, akuwerengera mbalame m'chinenero chake.

Madzi anali ofiira, olekeza m'ntchafu, othamanga. Apongozi anaima chapambali pagombe. Mkazi wanga anawoloka ndi mtolo pamutu, ine ndinawolotsa njinga paphewa, kenako ndinabwerera kudzatenga thumba la ufa limene ndinalitsitsa. Mkazi wanga anali kutsidya akupereka katundu kwa mwini ngolo, ndipo tonse tinkadziwa kuti akatha abwerera kudzalandira mwana kwa amayi ake. Pakati pa mkamwini ndi apongozi chinthu sichichoka m'manja kupita m'manja. Amachiika pansi wina n'kutola, kapena chimadzera mwa munthu wachitatu. Choncho ndinanyonyomala pamchenga wonyowa pafupi ndi thumba langa, maso kumbali, kudikira.

Ndinamva mapazi akubwera. Anaima patsogolo panga penipeni, pafupi kwambiri moti ndinaona ming'alu ya zidendene zawo ndi matope pakati pa zala. Ndinamva mfundo ya mbereko ikumasulidwa. Nditakweza maso pang'ono ndinaona mwana ali m'malere, akupalasa timiyendo, atagwiridwa m'khwapa ndi manja awiri okwinyika. Nkhope yawo inali itatembenukira kumtunda kwa mtsinje.

Akanatha kudikira mwana wawo, amene anali kale m'madzi akubwera. Sanamudikire. Mdzukulu wawo anamupereka kwa ine.

Ndinaimirira n'kumulandira. Ndisanabweze manja, dzanja lawo linandigwira pamkono, chapafupi ndi chikhatho. Linali lokhakhala ndi lotentha. Anafinya mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa m'khungu. Sanandiyang'ane, sanatsegule pakamwa. Ndinaona mtsempha wa pakhosi pawo ukukwera ndi kutsika. Kenako anandisiya, anakoleka mbereko paphewa langa, n'kutembenuka.

Mkazi wanga anaima pakati pa madzi dzanja lili pakamwa. Ine ndinawoloka ndi mwana pachifuwa, osaona bwino pamene ndinkaponda. Ndinali nditapeza chimene ndinkachifuna masabata onse aja, koma chimwemwe ndinalibe. Ndinadziona ngati wakuba amene mwini nyumba wamuthandiza kusenza katundu.

Titakwera ngolo ndinacheuka. Apongozi anali akukwera gombe la kutsidya okhaokha, atawerama pang'ono monga amachitira munthu wobereka mwana. Manja awo onse awiri anali kumbuyo, atapingasa pansi pa msana, akuchirikiza pamene panalibenso kanthu. Anayenda choncho mpaka udzu unawabisa, ndipo ine ndinalira pamaso pa mwini ngolo, osabisa nkhope.